Ndinakwirira Galavadolo ya Mkamwini Wanga

1

Ku Tsangano mukafunsa za Domingas, make Glória, adzakuuzani zinthu ziwiri. Choyamba, sindinagulepo kanthu pa mtengo woyamba kutchulidwa. Chachiwiri, ndinapha ukwati wa mwana wanga ndi pakamwa panga, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Zonsezo n'zoona. Koma onenawo sadziwa chifukwa chake, ndipo ndatopa kumva nkhani yanga ikuphikidwa m'miphika ya eni. Ndikuuzani ndekha, ndipo sindikometsera.

Munali mu 1984, nkhondo itayamba kudya nkhokwe. Ku Ntengo-Wambalame kunabwera kagulu ka boma kofufuza mbewu. Ntchito yake inali kuyenda m'midzi kutolera mitundu ya nyemba isanathere pamoto: nanyati, kayera, kaulesi, saperekedwa, ndi ina yoti dzina lake limadziwika m'mudzi umodzi wokha. Mkulu wathu anali enjinyero Cipriano. Mwana wanga Glória ankalemba m'kadeno zonse zimene alimi anena. Henrique ankayeza minda. António ankayendetsa galimoto. Ine sukulu ndinalekeza segunda kalasi, kalasi yachiwiri, koma mlimi sapereka mbewu yake kwa munthu wovala nsapato. Ndinkakhala pamphasa ndi mchere ndi sopo, n'kumakangana nawo mpaka chikho cha nyemba chituluke m'nyumba. Kiyi wa mosungira mbewu ankagonanso pachifuwa panga.

Henrique anali atafunsira Glória, amalume ake a mwana atavomera. Mwambo mukuudziwa: mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, ndipo safika pakhomo pawo ngati akubwera kudzapala moto. Koma ntchito inali imodzi. Ndiye tinkalankhulana chammbali, iye maso pamtengo, ine maso panyemba.

"Awiriwa adzagundana mitu tsiku lina," ankatero António. "Ndipo adzapepesa mtengowo."

Ndinalinso ndi mwana wamwamuna, Leonardo. Chaka chapitacho anamutenga ku usilikali, kenako uthenga unabwera kuti gulu lake lonse lathera pamlatho. Mtembo sunaoneke. Tinaika thunthu la nthochi m'manda, tinalira, tinameta. Mkazi wake Terezinha anatsala kwawo ku Chidzolomondo, akulima dimba.

2

Lolemba lina enjinyero anabwera kuchokera ku Tete atakumbatira bokosi ngati khanda.

"Makamarada, kadeno akachedwetsa ntchito. Mlimi akunena mawu khumi, ife tikugwira atatu. Ichi ndi galavadolo. Chimagwira mawu onse n'kuwasunga mu kachinthu aka, fita."

"Ndiye ine ntchito yatha?" anafunsa Glória.

"Ayi. Uzilemba kuchokera mu fita, utakhala pampando, osati pachulu."

Anadina, nauza António kuti anene kanthu. António anatsokomola, nati, "Ndinene chiyani, ine njala ikundipweteka?" Enjinyero anadinanso, bokosi lija linatsokomola, n'kudandaula za njala ndi mawu a António enieni. Tinaseka mpaka misozi.

Atatha, anaika malamulo. Wosunga makina ndi Henrique. Fita iliyonse ili ndi nambala, isasowe ngakhale imodzi. Lachisanu lililonse gulu lonse lizimvera pamodzi. Kutha kwa mwezi zonse zizipita ku Tete.

"Ku Teteko amamvera ndani?" ndinafunsa.

"Akuluakulu."

"Nanga asilikali a pamsewu akafuna kumva?"

"Amve. Muli nyemba zokhazokha."

"Nanga mawu akalowamo, amachoka?"

António anandilanda yankho. "Mayi, mchere ukalowa m'ndiwo mumauchotsa?"

Onse anaseka. Enjinyero nayenso anaseka, osawonjezera kanthu. Kenako anati, "Tsopano mabatani. Odziwa kuwerenga senderani pafupi. Inu mayi, izi zisakuvuteni."

Zisandivute? Chabwino. Nyemba zanga zinali padzuwa, kumwamba mitambo ikusonkhana. Ndinanyamuka n'kuwasiya akuwerama pabokosi lawo.

Koma m'midzi makina aja anakanidwa. Alimi akangoona, pakamwa tseke. Nthawi ya nkhondo munthu sapereka mawu ake kwa chinthu chopanda nkhope. Sabata yoyamba tinabwera ndi fita zodzaza ndi kulira kwa nkhuku. Enjinyero anayamba kuonda. Ndiye anabwera kwa yemwe uja anamuuza kuti zisamuvute.

"Mayi Domingas, tithandizeni."

"Sopo muwonjezere awiri paulendo uliwonse."

"Mmodzi."

"Awiri, ndipo ndizikhala kutsogolo m'galimoto. Kumbuyo kwandithyola msana."

Anavomera. Mudzi wotsatira ndinakhala pamphasa, bokosi pamiyendo, ndinalitukwana pamaso pa anthu. Ndinati ndi mlamu wanga waulesi, amadya mapilya, mabatire aja, osalima. Henrique anabweza mawu anga, amayi anagwa n'kuseka. Mayi wina anati, "Tandipatsani nanenso ndimunene mwamuna wanga." Kuyambira pamenepo anthu ankalimbirana kulankhula. Kumbukirani zimenezi: makina aja anawatsegulira njira ndine.

3

Mwezi wa Julayi enjinyero anati tipite ku Chidzolomondo. Glória anali atamuuza za nyemba zamawangamawanga za m'dimba la mlamu wake Terezinha, zosafumbwa msanga.

"Kumeneko sitipita," ndinatero. "Msewu ndi woipa."

"Tiyenda ndi galimoto za asilikali mpaka pamphambano."

"Nyembazo n'zachabe. Zimatupitsa mimba."

"Amayi!" anatero Glória. "Chaka chatha munkaziyamikira nokha."

"Chaka chatha ndinali ndi njala."

Sanandimvere. Tinapita, koma Glória anatsala akulemba fita zakale, ndipo pa chimenecho chokha ndinathokoza Mulungu.

Tinamupeza Terezinha akuthirira. Atationa, ndowa inamugwa m'manja. Ndinamuyang'ana mwa njira yoti amve, ndinati, "Usaope, mwana wanga, tabwerera nyemba basi. Sitichedwa."

Henrique anaika makina padengu lovundikira, pafupi ndi mulu wa mapesi. Ananena nambala ya fita, katorze, ndiye kuti 14, tsiku ndi malo, monga mwa lamulo. Terezinha anayankha mafunso mwachidule. Mbewuyi anabwera nayo ndi malemu mwamuna wake. Amaisunga m'phulusa. Imacha miyezi itatu. Kenako enjinyero anati tikayeze munda wakumtunda. Tonse tinakwera, kupatula Terezinha. Makina anatsala padengu paja. Tinakhalako nthawi yokwanira kuphika mbatata.

Pobwerera m'galimoto Henrique anadzimenya pamphumi. "Ndinaiwala kuzimitsa. Fita katorze yathera mphepo."

"Mapilya a boma amenewo," anatero enjinyero.



4

Lachitatu masana ndinali kuseri kwa mosungira mbewu, ndikupeta. Ndinamva munthu akukhosomola kuseri kwa thandala loyanikira.

"Amayi, pepani. Pali chimene ndikufuna mumve."

Anali Henrique, atandifulatira monga mwa ulemu, makina atawaika pansi pakati pathu. Anadina ndi dzanja lakumbuyo.

Poyamba mphepo. Mbalame. Kenako mapesi akutokosoka, ndi mawu a mwamuna, otsika.

"Apita?"

"Ali kumtunda. Bwererani m'dzenje, mukufuna kutiphetsa?" Ameneyo anali Terezinha.

"Miyendo yachita dzanzi. Nyemba zanga usawapatse zonse."

"Bwererani, ndati!"

Mapesi anatokosokanso. Henrique anazimitsa.

Ndinapitiriza kupeta. Lichero silinagwedere, ndipo mpaka lero ndimanyadira.

"Mukumudziwa munthuyu, amayi?"

"Ndingadziwe bwanji amuna a m'mapesi? Mkaziyo ndi wamasiye, magazi ake akadali otentha."

"Chibwenzi sachibisa m'dzenje. Ngati ndi chigawenga cha kutchire, mudzi wonse uja uli pangozi. Ndipo fita iyi mkuja Lachisanu tikumvera tonse."

Tonse. Ndiye kuti ndi Glória yemwe.

"Itaye m'chimbudzi."

"Ili ndi nambala. Ikasowa andifunsa."

Pamenepo ndinayamba ntchito yanga. "Dimba langa la kumtsinje ndikupatsa, lonse."

"Amayi, sindikugulitsa."

"Ndi mbuzi ziwiri. Yaikazi ili ndi bere."

"Si za mbuzi."

"Ukwati tiufulumize. Mwezi wamawa, m'malo modikira kukolola."

Ndinaona khosi lake lakumbuyo likuchita thukuta. Kenako anati, "Mukulimbikira chonchi chifukwa chiyani?"

"Chifukwa sindifuna manyazi pa dzina la mwana wanga wakufa."

Anatola makina ake. "Ndipatseni mpaka mawa ndiganize."

Ine pamsika munthu akati ndiganize, ndimadziwa kuti wakana. Ndipo mutu wanga unali kubwereza chinthu chimodzi: mchere ukalowa m'ndiwo suchoka. Mawu ali mu fita. Mawu alinso m'makutu a Henrique. Kuchotsa fita yokha kunali kusenda khungu chilonda chili m'kati. Ndinayenera kuchita zoti ngakhale mnyamatayo atalankhula, pasapezeke womukhulupirira.

5

Makina ankagona mosungira mbewu. Lachinayi m'mawa, anzanga asanafike, ndinatsegula ndi kiyi wanga, ndinawaika m'dengu, pamwamba makoko a nyemba. Kunyumba ndinakulunga fita katorze m'pulasitiki, ndinaiika mumtsuko wa phulusa monga tichitira ndi mbewu, ndinakwirira zonse m'khola la mbuzi. Mudzafunsa kuti bwanji sindinatenthe. Ndinayatsa moto, inde. Dzanja linakana.

Nditabwerera ndinapeza pabwalo pali chipwirikiti. Enjinyero akutukwana m'Chipwitikizi, António akugwetsa matumba. Henrique atandiona anayamba kubwera chammbali.

"Amayi, ndimakufunani. Za dzulo zija..."

Sindinamulole amalize. Ndinatula dengu, ndinaima patsogolo pake, ndinamuyang'ana m'maso. Kanali koyamba chifunsireni mwana wanga. Pabwalo ponse aliyense anadziwa tanthauzo lake: munthu uyu salinso mkamwini wanga.

"Shefe, musavutike kufuna. Dzulo ndinamuona uyu akunong'onezana ndi amalonda a kumalire, thumba lili m'khwapa."

"Amayi!" Glória anakuwa.

Henrique sanakuwe. Anangoti, pang'onopang'ono, "Mukanandifunsa, amayi."

Ine ndinkaganiza kuti amuchotsa ntchito basi, abwerere kwawo. Ndinaiwala kuti inali nkhondo. Makina ogwira mawu akasowa, asilikali saganiza za msika, amaganiza za kutchire. Enjinyero anakanena, masana omwewo anabwera anayi n'kumutenga. Anakhala m'manja mwawo miyezi isanu. Tsiku lililonse ndinkadikira kumva kuti galimoto zapita ku Chidzolomondo. Sizinapite. Ndinkati mumtima, waona, wanena koma sanamukhulupirire. Nzeru zanga zagwira.

Glória anandipeza ndikudyetsa mbuzi, nditaima pamwamba penipeni pa mtsuko uja.

"Lachitatu madzulo Henrique anali ndi ine kutchalitchi, pokonzekera kwaya. Mwanama."

"Ndanama."

"Chifukwa chiyani?"

"Sindikuuza."

"Mukanene pamaso pa shefe kuti mwanama."

"Ukandinena, andifunsa kumene kuli makina. Akandimenya ndine mayi wako. Sankha."

Anapita yekha kukachitira umboni za kwaya, koma mawu a mtsikana wotomeredwa anawayesa chikondi chabe. Ine sananditchule. Gulu litasamukira ku Tete chifukwa cha nkhondo, anapita nalo osanditsanzika. Ndinamutumizira nyemba kawiri. Zinabwerera thumba losamasula.

6

Zaka zisanu ndi zitatu. Tinathawira ku Malawi, tinadya ufa wa m'misasa, tinabwerera mtendere utasainidwa. Nyumba ndinapeza phulusa, koma malo a khola ndinawadziwa ndi mtengo wa pichesi.

Ndinatumiza uthenga ku Tete: mayi ako akufa. Ndinanamanso, inde. Mwana wouma mutu samuitana ndi chilungamo.

Glória anafika Loweruka, nandipeza ndikuswa nkhuni.

"Ndiye imfa yake ndi imeneyi?"

"Lowa m'khumbimo. Muli mlendo."

Analowa. Ndinamva kukuwa koti agalu a mudzi wonse anayankha. M'khumbimo munali Leonardo, mchimwene wake, wamoyo, imvi zitayamba, mwana pamiyendo, Terezinha pambali.

Eya. Pamlatho paja mwana wanga sanafe. Anakwawa m'madzi, nayenda sabata ziwiri mpaka kwa mkazi wake, nati kunkhondo sabwererako. Wothawa usilikali akagwidwa ankaomberedwa pabwalo, womubisa naye chimodzimodzi. Ndinadziwa patapita mwezi titameta. Tinalumbira atatu kuti manda a nthochi aja akhale manda. Glória ankadya za boma ndipo nkhope yake siidziwa kubisa. Akanamva mawu a mchimwene wake Lachisanu lija pamaso pa gulu, akanakuwa monga anakuwira m'khumbimu. Henrique atatengedwa, ndinamuolotsa Leonardo malire, nakalima fodya ndi dzina la eni.

Misozi itaphwa ndinafukula mtsuko. Makina anali atadyedwa ndi dzimbiri, koma fita inali bwinobwino m'phulusa. Ndinabwereka wailesi ya kaseti kwa mphunzitsi wina.

"Imva chimene ndinagula ndi ukwati wako," ndinatero. "Ukatha undiweruze."

Glória anadina. Henrique ananena nambala, tsiku ndi malo. Terezinha anayankha mafunso ake. Enjinyero anati tikayeze kumtunda. Ndinakweza chala. "Apa. Tcherani."

Panamveka kaphokoso, thi. Kenako mawu a Henrique, odekha.

"Nanyati. Kayera. Kaulesi. Saperekedwa. Nanyati. Kayera..."

"Pitiriza kutsogolo," ndinatero.

Kutsogolo nyemba. Kutsogolo kwake nyemba. Mpaka fita inatha, Henrique akungotchula nyemba. Mapesi munalibe. Dzenje munalibe. Leonardo munalibe.

"Mwasintha fita?" ndinafunsa.

Glória anazimitsa wailesi. "Amayi, anafufuta. Ukadina batani lofiira, mawu atsopano amapondereza akale. Shefe anatiphunzitsa tsiku loyamba lomwe lija."

"Mchere ukalowa m'ndiwo..."

"Zinali nthabwala za António! Inu munali mutapita kukaanula nyemba."

7

Henrique ndinamupeza pamsika wa Ntengo-Wambalame, akukonza mawailesi pansi pa lona. Anali ndi mkazi, ana atatu. Ndinaima patsogolo pa tebulo lake. Mwachizolowezi chakale anatembenuzira nkhope kumbali, ndipo ndinayesa ndi ulemu.

"Lankhulirani khutu ili, mayi. Linalo linatsala kwa asilikali."

Ndinaika fita patebulo. "Unafufuta liti?"

"Lachitatu lomwelo, ndisanapite kukwaya. Ndinamveranso kuchokera poyamba. Mkazi akuti mbewu ndi ya malemu mwamuna wake, wa m'dzenje akuti nyemba zanga. Ndiye inu n'kupereka dimba lonse osatsitsa? Ndinadziwa kuti ndi mlamu wanga."

"Bwanji sunabwere kudzandiuza?"

"Pakhomo pa apongozi? Ndinafika mpaka pamtengo wa pichesi, ndinabwerera. Ndinati ndikawauza mawa kuntchito."

"Nanga kwa asilikali? Miyezi isanu?"

"Ndikanati chiyani? Kuti mayiwo akundinamizira chifukwa cha munthu wa m'dzenje? Akanapita kukamufukula."

Ndiye kuti sanatchule n'komwe. Ine zaka zonsezo ndinkayamikira bodza langa, pamene chotchinga mwana wanga chinali kamwa la munthu amene ndinamugulitsa.

"Ndabwera ndi mbuzi ziwiri," ndinatero.

"Bwererani nazo."

"Zitatu."

Anaseka pang'ono. "Simunasinthe. Sindinagulitse nthawi ija, sindigulitsa lero."

"Ndiye ndionetse batanilo."

Anatenga wailesi ina, nagwira chala changa, nachiika pa batani lofiira. Kanthu kochepa ngati njere ya nyemba. Kuphunzira kwake sikunathe ngakhale nthawi yomwera madzi.

Inu owerenga, mukudikira kuti ndigwade. Kwa Henrique ndinagwada, pamsika, anthu akuona, ndipo ndinanena mokweza kuti sanabe kanthu. Kwa inu sindigwada. Ndipatseni tsiku lomwe lija, mwana wanga ali m'dzenje, m'mutu mwanga muli zokhazo zimene anandiuza, ndidzanyamulanso dengu. Mayi amene akuti sakanatero, mwana wake sanagonepo pansi pa mapesi.

Mlandu wanga ndausenza. Koma enanso asenze wawo. Inu obweretsa makina pantchito, mumaitana odziwa kuwerenga, ife mumati zisativute. Tikafunsa mumaseka. Koma kiyi ali ndi ife, ndipo anthu m'midzi amatsegula pakamwa chifukwa cha ife. Funso langa linali limodzi, yankho lake mawu atatu. Munandipatsa nthabwala.

Glória sanakwatiwe. Ndi amene akulemba izi, ndipo wati ndikasiya kanthu aponya cholembera. Wandiuza kuti ndimalize ndi mawu ake, ndiye nawa. Akuti ine Domingas, amene sindinagulepo kanthu pa mtengo woyamba, ndinapereka khutu la munthu ndi ukwati wa mwana wanga kugula chinthu chimene ndinali nditapatsidwa kale dzulo lake, chaulere.

Lemba choncho, mwana wanga. Batani lofiira ndikulidziwa tsopano, koma apa sindidina.